Kusaka Agwape ndi Uta Uli Mumtengo: Nsanja Zinayi, Mugule Iti?

Nsanja kwathu timaidziwa. Ndi ija tinkamanga pakati pa munda chimanga chikamakhwima, mwana n'kukwerapo ndi legeni kuti aziingitsa anyani. Kuno ku America nsanja ya mumtengo imagwira ntchito yotembenuka. Sukwerapo kuti nyama ikuone ithawe ayi, umakwerapo kuti isakudziwe n'komwe mpaka itafika pansi pako. Gwape amene amasakidwa kwambiri kuno ndi wa mchira woyera, amene eni dziko amati whitetail. Dzina loti gwapelo ndangobwereka, chifukwa mphongo yake ndi chinyama chachikulu kuposa mbawala, moti kumpoto kuno, ku Indiana, Michigan ndi Wisconsin, yokhwima imatha kupitirira makilogalamu 90.

Uta si mfuti. Alenje ambiri a uta amalasa nyama ili pa mayadi 20 kapena 30, ndipo kuti gwape afike pafupi choncho osamva fungo lako kapena kuona dzanja lako likusuntha, mpofunika kukhala pamwamba, mamita 5 kapena 6 kuchokera pansi. Ku Indiana, kumene ine ndimakhala, nyengo ya uta imayamba pa 1 Okutobala n'kutha kumayambiriro kwa Januwale, ndipo masabata awiri oyamba a Novembala ndiwo amene aliyense amawapemphera tchuthi, pakuti mphongo zimakhala zikuthamangitsa zazikazi ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Nsanja zogulitsa zili mitundu inayi. Ndiziyerekeza pa zinthu zofanana, koma pa zolipira ndizilemba kuti "ndalama zake", chifukwa mu nkhani ngati ino mawu oti mtengo angatisokoneze. Ziwerengero za madola ndi zongoyandikira, zimakwera ndi kutsika malinga ndi chaka ndi sitolo.

Musanapite kusitolo

Funso loyamba si lakuti muli ndi ndalama zingati. Ndi lakuti malo amene mukasakeko ndi a yani. Pa famu ya munthu amene wakulolani, nsanja mungathe kuisiya mumtengo nyengo yonse, ndipo kulemera kwake si nkhani. Pa malo a boma ndi zina. Ku Indiana nsanja yokhazikika siloledwa pa malo oterewa, yonyamulika imaloledwa kugona mumtengo kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 10 Januwale basi, iyenera kulembedwa chizindikiro cha mwini wake, ndipo chitsulo cholowa m'thunthu kupitirira theka la inchi ndi choletsedwa. Ku Michigan ndi ku Ohio ali ndi malamulo awo. Werengani kabuku ka chaka chimenecho, safunsa anadya phula. Ndipo ngati munabadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986, Indiana imafuna kuti muchite maphunziro a ulenje musanagule laisensi yeniyeni.

Funso lachiwiri ndi mitengo. Pitani mukaione ndi maso mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala. Agwape sayenda pamene pali mtengo wokomera inu. Amayenda pamene pakugwa zipatso za mtengo wotchedwa oak woyera, m'mphepete mwa munda wa chimanga kapena soya, pamene zitsamba zimapanikiza njira pakati pa dambo ndi mpanda. Mtengo umene waima pamalo oyenera nthawi zambiri umakhala wopindika, wanthambi, wochepa. Nsanja yoti singakhale mumtengo umenewo ndi katundu chabe.

Lachitatu ndi mphepo, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera. Mphuno ya gwape siinamizika. Sopo ndi zopopera zochotsa fungo mungagule, koma mphepo ikachoka kwa inu kupita kwa iye, nkhani yatha. Ndinaona izi chaka changa choyamba. Gwape wamkazi ankabwera bwinobwino ndi mwana wake, akutola zakudya m'masamba, ndiye ndinangomva kamphepo kozizira kakundikhudza kunkhongo. Nthawi yomweyo anaima, kutukula mutu, kupondetsa mwendo wakutsogolo pansi kawiri, kenako n'kufwenthera mwamphamvu ngati munthu akumina, mchira woyera uli m'mwamba, ulendo. Madzulo onsewo sipanadutsenso kanthu. M'malo a zitunda pali chinanso: m'mawa dzuwa likatentha mpweya umakwera chitunda, madzulo ukazizira umatsetsereka kutsikira kuchigwa, ndipo fungo lanu limatsagana nawo. Choncho muzidzifunsa kuti nsanja imeneyi indilola kusamuka mphepo ikatembenuka, kapena indimangirira malo amodzi?

Lachinayi ndi thupi lanu, mawondo, msana, ndi kulemera kwanu mutavala zovala za m'chisanu ndi chikwama. Nsanja zambiri zinalembedwa malire a kulemera a mapaundi 300 (pafupifupi makilogalamu 136), ena ocheperapo.

Chimene sichili pa mpikisano

Mtundu uliwonse umene mungasankhe, chotsani kaye madola 100 kapena 150 a lamba wa thupi lonse, uja amati harness, ndi chingwe chotetezera. Kugwa mumtengo kumavulaza alenje a agwape ambiri kuposa ngozi za zida, ndipo ambiri amagwa pokwera, potsika, kapena podumphira pansanja kuchokera pa makwerero, osati atakhala pansi. Ndiye lamba womangidwa mutafika kale pamwamba wakutetezani theka lokha. Chingwe chautali chochokera pamwamba pa mutu wanu kufika pansi, chokhala ndi mfundo ya Prusik, ndicho chimatseka mpata umenewu. Mfundoyo imatsetsereka mukamaikankha ndi dzanja, koma ikakokedwa mwadzidzidzi imaluma chingwe.

Mukagwa n'kulendewera pa lamba, musati mwapulumuka. Magazi amadzadzana m'miyendo ndipo munthu amatha kukomoka pa mphindi zochepa. Kalamba kopondapo kamene amaika m'phukusi la harness kazikhala m'thumba loti mungafike, pamodzi ndi foni. Uta musakwere nawo m'manja, muukoke ndi chingwe mutakhazikika, mivi ili m'phodo. Ndipo kunyumba azidziwa mtengo umene muli.

Nsanja ya makwerero

Iyi ndi ladder stand, makwerero achitsulo okhala ndi mpando pamwamba, otsamira kuthunthu. Kutalika kwake nthawi zambiri ndi mafiti 15 mpaka 20.

*Ndalama zake.* Ya munthu mmodzi imayambira cha m'ma 100 madola kufika 300, ya anthu awiri kuposa apo. Vuto ndi lakuti imodzi sikwana. Popeza siisamuka, mufunika ina ya mphepo ya kumadzulo, ina ya mphepo ya kumpoto, ndalama n'kumachuluka mwakachetechete.

*Kupezeka.* Paliponse. Masitolo a Walmart, Menards, Rural King, Cabela's, onse amaziunjika nyengo ikamayandikira, ndipo Januwale akafika amazigulitsa motchipa.

*Kusamalira.* Imagona kunja, ndiye dzimbiri ndilo mdani. Madzi amalowa m'mapaipi, akauma ndi chisanu n'kuwang'amba. Malamba omangira kuthunthu amafooka ndi dzuwa, agologolo amawatafuna pamodzi ndi mpando womwe. Mtengo nawo umakula, lamba woiwalika zaka ziwiri amakhala atakokeka mpaka kutsala pang'ono kuduka. Kuitsitsa nyengo ikatha ndi ntchito yotopetsa, n'chifukwa chake ambiri saichita.

*Zoopsa.* Anthu amaiona ngati yotetezeka kuposa zonse, ndipo ikamangidwa bwino ndi zoona. Tsiku loopsa ndi loimika ndi lotsitsa. Imalemera makilogalamu 25 mpaka 45, pamafunika anthu atatu, ndipo wina amayenera kukwera isanamangidwe pamwamba. Kwa wa uta pali dandaulo lina: chitsulo chotsamirapo mfuti chimene chimakhala kutsogolo chimagunda uta. Gulani yoti chitsulocho chimachotsedwa. Komanso agwape achikulire amaizolowera. Amadziwa pamene ili, ndipo mukaikwera masiku anayi motsatizana mudzawaona akuilambalala patali, akuyang'ana m'mwamba.

Nsanja yokoleka ndi timakwerero

Hang-on ndi kansanja koponda ndi kampando, kamene mumakoleka kuthunthu ndi lamba kapena tcheni. Pokwera mumamangirira timakwerero tifupitifupi, titatu kapena tinayi, tija amati climbing sticks.

*Ndalama zake.* Apa kusiyana ndi kwakukulu. Yachitsulo yotchipa imapezeka pansi pa madola 100, ya aluminiyamu yopepuka imafika 250 kapena kupitirira, timakwerero tabwino n'kuwonjezera 100 mpaka 300. Chimene mukulipira ndi kupepuka ndi kusalira. Yotchipa imagwira ntchito ndithu, kungoti mudzaidziwa pamsana mukayenda nayo kilomita, ndipo m'mawa wozizira imalira "kwii" pa nthawi yomwe mukutembenuka kuti mukoke uta.

*Kupezeka.* Zotchipa zili m'masitolo onse aja. Zopepuka zambiri ndi zoitanitsa pa intaneti, ndipo zimatha msanga Seputembala akafika.

*Kusamalira.* Malamba, zingwe zachitsulo zogwira pansanja, ndi mabawuti. Zingwezo zimachita dzimbiri m'kati mwa pulasitiki wozikuta, pamene diso silifika. Pulasitikiyo akatupa kapena kusweka, sinthani, musayese mwayi. Pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake kulungani tepi ya nsalu.

*Zoopsa.* Kuikoleka ndiye ntchito. Muli mamita 5 m'mwamba, mwaponda kachitsulo kochepa ngati chikhatho, manja onse awiri akulimbana ndi lamba. Popanda chingwe chozungulira thunthu chochokera m'chiuno, ngati cha anthu okwera mapolo a magetsi, musayambe n'komwe. Kamakwerero komaliza kazipitirira pansanja kuti muzitsikira pansanjapo, osati kudzikoka kukwera. Mukaisiya pa malo a boma, dziwani kuti ena ali ndi manja aatali, komanso lamulo la malo ambiri silikupatsani mtengowo kukhala wanu chifukwa choti mwapachikapo katundu.

Ubwino wake ndi woti imalowa pafupifupi mumtengo uliwonse, ndipo nthambi zimene zimalepheretsa mitundu ina zimasanduka zokubisani. Kwa wa uta, amene amayenera kuimirira ndi kukoka nsinga nyama ili pafupi, kubisika kumeneku ndi kwamtengo wapatali.

Nsanja yokwera nayo

Climber ili ndi zigawo ziwiri, chokhalira ndi chopondera. Chilichonse chimakumbatira thunthu ndi chingwe chachitsulo. Mumatsamira chapamwamba, kukoka chapansi ndi mapazi, kuponda, kukweza chapamwamba, kubwereza, ngati mbozi ikukwera phesi.

*Ndalama zake.* Madola 200 mpaka 450, koma mwagula zonse kamodzi, palibe timakwerero towonjezera. Ya aluminiyamu, monga Viper ya kampani ya Summit, imalemera pafupifupi makilogalamu 9. Zachitsulo ndi zotchipirapo koma zolemera.

*Kupezeka.* Masitolo a alenje ali nazo, ndipo pa Facebook Marketplace zakaunjika zilipo mbwee, chifukwa ambiri asamukira ku mtundu wachinayi uli m'munsiwu. Yakale muiyang'anitsitse powotcherera, mufufuzenso ngati siinaitanidwe kuti ibwezedwe. Bungwe la boma la CPSC limalengeza nsanja zopezeka ndi vuto.

*Kusamalira.* Zochepa, chifukwa imagona m'nyumba. Zingwe zokumbatira thunthu ndizo zofunika kusintha zikayamba kutha.

*Zoopsa.* Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndinaphunzirira ndi thupi langa. Yanga yoyamba ndinagula yakale, ndipo kachingwe kolumikiza zigawo ziwirizo kanali katachoka. Sindinakaone kufunika. Ndili cha pa mamita 4, phazi linapulumuka, chopondera chija n'kutsetsereka thunthu lonse mpaka pansi, phokoso lake ngati mbale zagwa kukhitchini. Ndinatsala nditakhala pa chigawo chapamwamba, miyendo lendelende. Harness ndinali nditavala, foni inali m'thumba la pachifuwa, ndiye ndinaimbira bambo wina wachikulire amene tinkagwira naye ntchito, yemwe anandiphunzitsa kusaka. Anabwera ndi makwerero a panyumba patatha ola. Sanandiseke. Anangotulutsa kachingwe m'thumba n'kumanga zigawo zija ine ndikuona.

Chinanso, climber imasankha mitengo. Imafuna thunthu lowongoka, lopanda nthambi mpaka pamwamba, lonenepa mainchesi 8 kufika 20. Khungwa losalala, lonyowa kapena louma ndi ayezi limaterera, ndipo la mtengo wa hickory, uja wa khungwa losendeka, limangoyoyoka. Thunthu limachepa mukamakwera, ndiye pansi mumayamba nsanja itapendekera m'mwamba pang'ono kuti ikakhale yowongoka pamwamba. Mukalakwitsa mudzakhala tsiku lonse mukutsetserekera kutsogolo, ndipo kusintha chingwe muli m'mwamba ndi kudziitanira maliro. Mtengo wowongoka wopanda nthambi umatanthauzanso kuti palibe chokubisani, mumaoneka ngati chulu chomera pathunthu. Samalaninso ndi mitengo ya ash. Ndi yowongoka mokopa, koma kachilombo ka emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba kufupi ndi Detroit mu 2002, kanaipha yambirimbiri m'dera lino, ndipo youma imathyoka mosachenjeza.

Komabe pa kukhala bwino palibe yoiposa. Tsiku la Novembala lokhala kuyambira mbandakucha mpaka mdima, msana umathokoza. Ena mpaka amawodzera, chimene ndi chifukwa chinanso chomangira lamba wa kumsana mofupikitsa.

Thewera la mumtengo

Dzina lake ndi saddle, koma aliyense wa kwathu akaliona anganene kuti ndi thewera la munthu wamkulu. Mumalivala m'chiuno, kulimangirira kuthunthu ndi chingwe pamwamba pa mutu, mapazi n'kuponda kansanja kakang'ono. Mumayang'ana thunthu, mutatsamira chagada m'malere. Si chatsopano. John Eberhart wa ku Michigan wakhala akusaka motere kwa zaka makumi angapo, koma chinafala kwambiri kuyambira cha m'ma 2018, makampani monga Tethrd atayamba kuzigulitsa ndipo mavidiyo a pa YouTube atachuluka.

*Ndalama zake.* Otsatsa amakuuzani za thewera lokha, madola 150 mpaka 300. Onjezani zingwe ziwiri, kansanja kopondapo, timakwerero ndi zotchingira mawondo, mupeza kuti mwadutsa 500, ndipo ofuna zopepukitsitsa amayandikira 1,000.

*Kupezeka.* Kwambiri pa intaneti, ngakhale masitolo akuluakulu ayamba kukhala nazo. Vuto ndi saizi. Ndi chovala, ndipo chokukwanani mu Okutobala chingakuthineni mu Disembala mutavala zovala zitatu zophatikiza.

*Kusamalira.* Moyo wanu uli pa nsalu ndi chingwe. Muziona misoko ndi zingwe ulendo uliwonse, muziumike pamthunzi, musazisunge pafupi ndi mafuta kapena batire ya galimoto, ndipo musinthe pa zaka zimene opanga analemba ngakhale zikuoneka zabwino. Zakale zochokera kwa munthu wosamudziwa ine sindingagule.

*Zoopsa.* Ubwino wake ndi woti mumakhala omangidwa kuthunthu kuchokera pansi mpaka kubwerera pansi. Koma zonse zimadalira inu, mfundo zanu, ndi kukumbukira kukoleka chingwe china musanamasule chinzake, mumdima, zala zitauma ndi kuzizira. Masiku oyamba m'chiuno mumapweteka ndipo mawondo amadandaula. Kulasa kumafunanso kuphunzira. Kwa wokoka nsinga ndi dzanja lamanja, nyama ya kumanzere ndi yosavuta, koma yotulukira kumanja imafuna kuti muzungulire thunthu kapena kuwolotsa uta pamwamba pa chingwe, uku gwape ali pomwepo. Yesererani kuseri kwa nyumba, mita imodzi kuchokera pansi, mpaka thupi lizolowere. Phindu lake ndi lakuti katundu yense amalowa m'chikwama, mtengo wopindika kapena wochepa si vuto, ndipo thunthu limakhala pakati pa inu ndi nyama.

Uta uli m'mwamba

Nsanja iliyonse imasintha kalasidwe. Uta wa timagudumu, compound, umene Holless Wilbur Allen analandirira chiphaso cha umwini mu 1969, ndiwo ambiri amagwiritsa ntchito, chifukwa ukakokedwa mpaka kumapeto mphamvu yogwira imatsika kwambiri, n'kukulolani kudikira nyama ituluke kuseri kwa chitsamba. Indiana imafuna uta umene mphamvu yake yokokera ndi yosachepera mapaundi 35. Musatengeke ndi wa 70. Umene mumakoka mosavuta pabwalo mu Ogasiti umasanduka mwala mutakhala maola atatu m'chisanu. Sankhani woti mungaukoke mutakhala pansi, osauloza kumwamba.

Polasa chotsitsa, pindani m'chiuno, musangotsitsa mkono, apo ayi muvi udutsa pamwamba. Mtunda wowerengera ndi wochokera patsinde la mtengo, osati wochokera pamene muli. Ndipo kukwera kwambiri sikuthandiza monga ena amaganizira. Mukapitirira mamita 7, nyama yapafupi mumaiona kumsana, kulasa mapapo onse awiri n'kukhala kovuta, pamene papo limodzi lokha gwape amatha kuthawa nalo kutali. Dikirani aime chopingasa kapena atembenukire kumbali akuchoka. Mukalasa bwino khalani mumtengo theka la ola. Muvi ukalowa chakumimba, musiyeni maola 8 kapena kuposa, mukamutsata msanga mumudzutsa ndipo simudzamuonanso.

Ndiye mugule iti

Ngati mwapatsidwa famu ya mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito, mawondo ayamba kulankhula, kapena mukufuna kukhala ndi mwana wanu pambali, gulani ya makwerero. Ndalama zikalola gulani ziwiri, muziimike za mphepo zosiyana, ndipo tsiku limene mphepo yakana zonse ziwiri khalani kunyumba.

Ngati ndinu woyamba, muli ndi malo ololedwa koma simunadziwe bwino njira za agwape, tengani yokoleka yapakatikati ndi timakwerero tinayi. Mukaona kuti akudutsa mamita 60 kuchokera pamene muli, mawa lake mwasamuka. Ine ndikanayambira apa.

Ngati nkhalango yanu ndi ya mitengo yowongoka, monga minda ya paini kapena tulip poplar wa kumwera kwa Indiana, galimoto imaima pafupi, ndipo mumafuna kukhala tsiku lonse mu Novembala, climber ikukwanani. Kaoneni mitengoyo kaye musanalipire.

Ngati mumasaka pa malo a boma, kumene muyenera kuyenda kilomita imodzi kapena ziwiri kuti musiyane ndi anzanu, kudutsa m'madambo ndi m'ziyangoyango, thupi likadali lolimba ndipo muli ndi miyezi ya chilimwe yoyeserera, thewera ndi lanu.

Ndipo ngati mukaima pa makwerero a panyumba miyendo imanjenjemera, musadzikakamize. Kahema kobisalira pansi kamagulidwa madola 100 kapena kuposerapo pang'ono. Kaimikeni milungu iwiri kapena itatu nyengo isanayambe ngati malowo amalola, kakuteni ndi nthambi kuti agwape akazolowere, valani zakuda, ndipo mukhale chakumbuyo kwenikweni, kutali ndi zenera.